Nkhono ya Keziah

M'nyumba mwathu ku Porthenna wolamula sanali amuna anga, komanso sindinali ine. Inkalamula ndi mimba ya amuna anga. Ikadzuka bwino tonse tinkadya ndi kuyankhula ngati anthu. Ikadzuka itakwiya, piyano inkakhomedwa, makatani ankatsekedwa, wophika ankavula nsapato zake zamatabwa kuti asasokose, ndipo ine ndinkakhala pambali pa bedi nditanyamula beseni. Ndalinyamula beseni limenelo kuyambira ndili mtsikana wa tsitsi lakuda mpaka pano pamene imvi zati mbuu.

Ndinene poyamba, anthu asananditche wouma mtima, kuti amuna angawo, a Lucius Penhallow, ankadwala zenizeni. Magazi ndinawaona ndi maso angawa. Madokotala anayesa zonse. Wina anawaletsa shuga, wina anati azimwa mkaka wokhawokha, wina anatiphunzitsa kuwakulunga m'nsalu zoviika m'madzi ozizira m'mawa uliwonse, iwo ali njenjenje, mano akugundana. Chimene chinkandiwawa n'chakuti nthendayo inkadziwa kusankha alendo. Mlongo wanga Enoch akabwera kudzationa, a Penhallow ankayamba kusanza mlendoyo asanavule n'chipewa chomwe. Abusa akagogoda, chimodzimodzi. Koma akafika Dokotala Osbert Wimbush, katswiri wa zikumbu, kuchokera ku London, munthu yemwe uja ankatsika masitepe yekha, n'kudya nyama ya nkhosa mpaka kupempha ina.

Ntchito ya amuna anga inali nkhono. Bambo awo anawasiyira gawo pa mgodi, choncho analibe chifukwa chogwirira ntchito ina. Ankazitola, kuziyeza, kuzijambula, n'kulemba mapepala opita ku bungwe la akatswiri a zachilengedwe ku London. Iwo eni ku bungweko sankapondako, chifukwa sitima inkawasokoneza m'mimba asanadutse n'siteshoni yoyamba. Amene ankaimirira pamaso pa mabwana aja n'kuwerenga mapepalawo anali a Wimbush, mnzawo wa ku koleji. Awiriwa anayamba kukondana ali anyamata, akutembenuza zipika zowola pofuna zikumbu.

Mwana wathu Keziah anali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene anaipeza. Anali mwana wosamva, wa mawondo azipsera, wokonda kukwera pamene ndamuletsa. Tsiku lina analowa m'chipinda cha bambo ake osagogoda, diresi lili matope okhaokha, chinthu china atachifumbata.

"Ababa, taonani iyi! Yapota chamanzere. Zanu zonse zija zimapota chamanja."

"Waitenga kuti?"

"Ku ng'anjo yakale ya laimu. Zilipo zambiri pansi pa miyala, zonse zamanzere. Amayi, musandikalipire, ndinangokwera pang'ono."

Tsiku limenelo a Penhallow anaiwala kuti amadwala. Anavala jasi, n'kuyenda wapansi mpaka ku ng'anjoko, mwana akuwakoka dzanja. Pobwera anali akuseka onse awiri. Inali kankhono kakang'ono ngati chikhadabo cha chala chaching'ono, kofiirira, ndipo palibe katswiri amene anali atakalembapo.

Chisanu cha chaka chomwecho Keziah anadwala zilonda zapakhosi. Sanatenge nthawi, anamwalira.

Akazi a m'mabanja ngati lathu sapita kumanda. Ndinkadziwa zimenezo, ndipo sindinatsutse. Ndinavala zakuda n'kukhala m'chipinda chochezera, makatani ali otseka, kudikira kuti amuna apite naye. Koma ngolo itafika pakhomo, a Penhallow anali atagwada pansi m'chipinda mwawo, thukuta lili kamukamu, osatha ngakhale kuimirira. Amene anaperekeza mwana wathu ndi Enoch. Mwa ife awiri amene tinamubereka, palibe anaona dothi likugwera pa bokosi lake.

Ngolo itanyamuka ndinakwera masitepe kupita kuchipinda kwa amuna anga. Anandigwira dzanja akulira ngati mwana.

"Thirza, ndalephera. Koma mverani. Nkhono ija idzatchedwa dzina lake. Mwala wa pamanda umagwa, umamera ndere. Dzina la m'buku la bungwe silifufutika. Loyamba kusindikizidwa ndilo limakhala, ngakhale mfumu singalisinthe. Anthu amene sanabadwe adzalitchula."

Ndinawakhulupirira. Mwina mudzaseka kuti mayi wamkulu n'kumatonthozedwa ndi nkhono, koma ndinalibe china chogwira. Ine nkhono ndimanyansidwa nazo, zonsezo ndi mamina oyenda. Koma za ku ng'anjo zija ndinazisamala ndekha m'mabokosi agalasi kuseri kwa nyumba, kuzipatsa letesi, kuziwaza madzi, kuzilowetsa m'nyumba chisanu chikakula. Ntchito yolemba inkayenda pang'onopang'ono chifukwa a Penhallow ankagwira mwezi umodzi n'kugona iwiri. Kenako dzanja lawo linayamba kunjenjemera, ndipo ine ndinakhala mlembi wawo: iwo atagona pa sofa akunena, ine ndili pa tebulo ndikulemba. Zaka zinapita choncho, mpaka pepala lonse linatha. Unatsala mzere umodzi wokha, wa dzina, ndipo tinagwirizana kuti tidzaulemba tsiku limene a Wimbush adzabwere kudzalitenga.

A Wimbush anafika maluwa atayamba kuphuka, atapsa ndi dzuwa la ku Borneo kumene anakhalako nthawi yaitali. Mawu awo analowa m'nyumba iwo asanalowe.

"Penhallow! Chigoba cha munthu iwe, ukadali moyo?"

"Ndikudikira uyambe ndiwe, Wimbush, kuti ndidzatenge makabati ako."

"Udikira mpaka liti? Malungo a kumene kuja andiyesa, andilavula. Mayi Penhallow, mukumudyetsa chiyani mkuluyu? Wangotsala mphuno yokha."

Tinakhala pa tebulo dzuwa likadalipo. Kunali msuzi, nyama ya nkhosa, mbatatesi, ndi keke yachikasu imene a Wimbush ankaikonda. Anatisimbira za misundu yokwera m'mabuti, za anyani akuba sopo, za m'busa wina amene anagwera m'mtsinje ndi Baibulo lomwe. Amuna anga ankaseka mpaka kutsokomola. Sindinawamvepo akuseka choncho pamene tili awiri.

Titatha kudya, a Wimbush anatulutsa kabokosi m'thumba la jasi n'kukakankhira kwa mnzawo. Munali chikumbu chobiriwira, chonyezimira, chobayidwa ndi phini.

"Chatsopano chimenecho. Chatuluka kale m'buku la bungwe. Werenga kapepala kali pansipo, ngati maso ako akadaona."

A Penhallow anavala magalasi n'kuwerenga. Chikumbucho chinali chitatchedwa dzina lawo.

"Wimbush, iwe... ine amene sindinawolokepo n'nyanja yomwe?"

"Leka kulira, unyowetsa chikumbu changa. Tsopano ndiwe wosafa. Ine ndiye ndilibe ngakhale nsabwe yotchedwa dzina langa. Ndikadzafa, dzina la Wimbush lidzatsala m'kati mwa chipewa basi."

Anaseka onse awiri. Ine keke inandiuma m'kamwa. Ndakhala pakati pa anthu amenewa nthawi yokwanira kudziwa mwambo wawo. Mnzako akakutcha, nawe umamutcha, ndipo ukapanda kutero ku London konse amakunong'ona. Tsono m'nyumba monse munali cholengedwa chimodzi chokha chopanda dzina, ndipo amuna anga analibe miyendo yokafunira china.

Kutacha ndinawakulunga m'nsalu zawo zozizira monga mwa nthawi zonse, ndinawapukuta, ndinawaveka, n'kuwagoneka pa sofa. Kenako ndinakhala pa tebulo, ndinasongola nthenga yolembera, n'kuiviika mu inki. Anayamba kunena akuyang'ana kudenga.

"Lembani kuti: nkhono imeneyi ndaitcha dzina la bwenzi langa lapamtima, Dokotala Osbert Wimbush, amene..."

"Mwati chiyani?"

"Mwamva, Thirza. Lembani."

"Ndamva. Ndikufuna munenenso mukundiyang'ana."

Sanandiyang'ane. Dzanja lawo linapita pamimba.

"Musayambe, chonde. Mukuona kuti yayamba kale kutembenuka."

"Itembenuke. Nanga Keziah?"

Anatsinzina ngati ndawamenya mbama. Nkhope inayera, thukuta linatuluka pamphumi, ndipo ndinadziwa kuti si zongoyerekeza. Ndicho chinali choipa cha nthenda imeneyi: sunkatha kukangana nayo. Ukangotsegula pakamwa, wolakwa unkakhala iweyo, wozunza wodwala. Ndinawaikira beseni pafupi n'kutuluka.

A Wimbush ndinawapeza kuseri kwa nyumba, kaliwo ali pakamwa, atawerama pa mabokosi agalasi.

"Zanenepa bwanji, mayi! Mumazidyetsa bwino kuposa mwini wake."

"A Dokotala, nkhono zimenezi anazipeza ndi mwana wathu wamkazi, uja anamwalira. Tsiku la maliro ake bambo ake analonjeza kuti zidzatchedwa dzina lake. Lero akufuna kuzipereka kwa inu chifukwa cha chikumbu chija."

Anachotsa kaliwo pakamwa, kenako anavula chipewa. Nkhope yawo yopsa ija inafiira.

"Mayi Penhallow, Mulungu ndi mboni, sanandiuzepo. Ndikanadziwa, za nsabwe zija sindikanazinena. Kanali kamwana kochangamuka kaja, kankandipisa m'matumba kufuna masiwiti. Tiyeni tikamuone, chitsiru chimenechi."

Ndinkafuna akanakhala munthu woipa, zikanandipepukira. Koma anatsogola okha, kukwera masitepe awiriawiri, n'kulowa m'chipinda osagogoda.

"Penhallow, sindilandira. Ipatse mwana."

Amuna anga anadzikoka n'kukhala tsonga. Anandiyang'ana ine poyamba, diso lonena kuti ndawavula pagulu.

"Ndiye chikumbu chako ndichibweze ndi chiyani? Ndi beseni ili?"

"Ndani wakuuza kuti chikufuna kubwezedwa?"

"Onse ku London akudziwa amene amawerenga mapepala anga. Akudziwa amene anandiimira pamene ankati nkhono zanga ndi maloto a munthu wodwala. Lero wanditcha chikumbu, ine n'kutulutsa nkhono yanga yokhayo m'dzina lina? Adzati Penhallow amangodziwa kulandira."

"Anene! Kodi amaleka liti kunena?"

"Ndatsimikiza, Wimbush. Usandichititse manyazi."

Apo ndinalephera kudzigwira.

"Manyazi? Mwana wanu anapita kumanda ndi amalume ake, inu muli pansi apa. Munandigwira dzanja ili. Zaka zonsezi ndakhala ndikudyetsa mamina amenewa letesi chifukwa cha mawu anu. Manyazi mukuwadziwa inu?"

Ndinkayembekeza kuti agwira pamimba. Sanatero. Anayankhula pang'onopang'ono, ndi mawu amene ankanenera mapepala awo.

"Thirza, mwanayo sadzawerenga buku limenelo. Ndakhala ndikuganiza zimenezi kuyambira dzulo. Sadzaliona, sadzasangalala, sadzakhumudwa. Wimbush ali moyo. Akasiya kubwera kuno, ine ndine ndani? Munthu wosanza m'chipinda chamdima. Mwa anthu onse olowa pakhomo ilo, ndi iye yekha amene sabwera kudzandidwazika."

Kunja wophika ankakangana ndi wogulitsa nsomba. Ndinayang'ana manja anga, ong'ambikang'ambika ndi madzi ozizira a m'mawa uliwonse, ndipo ndinamvetsa chimene ndinali m'nyumba imeneyo. Ndinali wodwazika. Sananene pofuna kundipweteka ayi, ndipo ndicho chinandipweteka koposa. Ankangonena zoona, monga ankanenera kuti nkhono yakutiyakuti ili ndi mizere ingati.

A Wimbush anakananso. "Ayi, Penhallow, si bwino." Koma mawu anali atachepa mphamvu, ndipo maso awo anali pa tebulo, pa chithunzi cha kankhono kaja chimene amuna anga anajambula dzanja lisanayambe kunjenjemera. A Wimbush anali munthu wokalamba, wopanda mkazi, wopanda mwana, amene anatcha mayina a anzake pa zikumbu zambirimbiri, wina osamukumbukira. Ndinaona kuti akuifuna nkhonoyo. Amuna anga anawakakamiza kachitatu, ndipo a Wimbush sanakanenso. Anangokanda ndevu.

"Mwina," anatero akuyang'ana nsapato zawo, "mwina pali njira yoti onse akhalemo. Dzina likhale monga Penhallow wanenera. Koma pansi pake tilembe mzere wonena amene anaipeza. Zimachitika zimenezo, mayi. Ndipo ndikadzaimirira ku bungwe ndidzauwerenga mokweza, mabwana onse amve."

"Mwamva, Thirza?" amuna anga anatero msangamsanga, nkhope itawala. "Mwamva nzeru zimenezo? Khalani pansi mulembe."

Ndinapita pa tebulo. Ndinatenga nthenga ija, ndinaipukuta inki pa kansalu, n'kuigoneka pambali pa pepala.

"Ndalemba pepala lonseli. Mzere uwu sindilemba."

"Mukudziwa kuti dzanja langa silingathe."

"Ndikudziwa."

Anatambasula dzanjalo kuti ndilione likunjenjemera, ngati kuti ndinali ndisanalionepo. Ndinangoima. Pamapeto pake a Wimbush anatsokomola, anakoka mpando wanga n'kukhalapo. Anaviika nthenga mu inki, ndipo amuna anga akunena, munthu wamkulu uja analemba dzina lake lomwe ndi dzanja lake, makutu ali psuu. Sanafulumire. Analilemba bwino, zilembo zozungulira, n'kuwazapo mchenga kuti ziume.

"Tsopano mzere wa mwana," anatero, atapepukidwa. Ankalemba akutchula. "Inapezedwa koyamba pa ng'anjo yakale ya laimu ku Porthenna, ndi mwana wamkazi wa mlembi, malemu..."

Nthenga inaima. Anakweza mutu.

"Mundikhululukire, mayi, zaka zapita, ndipo mutu wangawu ndi wa zikumbu. Dzina lake lija... anali Kerenza? Kapena Katherine?"

Ndinayang'ana kumbali. Anatembenukira kwa mnzawo.

"Penhallow?"

Amuna anga anatsegula pakamwa. Ndinaona lilime likuyesa. Dzinalo ankalidziwa, analisankha ndi iwo omwe m'Baibulo tsiku limene mwanayo anabadwa. Koma silinatuluke. Kaya chinali chisoni, kaya manyazi, sindinawafunse mpaka lero. Anatembenuzira nkhope kukhoma.

"Thirza, auzeni."

"Ayi."

"Mayi Penhallow," a Wimbush anatero mofatsa, "ngolo yopita ku siteshoni inyamuka masana ano. Pepalali likangosindikizidwa, sitingawonjezere kanthu. Ndi liwu limodzi lokha."

"Mwatenga nkhono, a Dokotala. Dzinalo ndisiyireni."

Anadikira, nthenga ili m'mwamba, mpaka inki inadontha pa tebulo. Anayang'ananso kwa amuna anga, koma kumeneko kunali msana wokha. Kenako anafufuta liwu loti malemu, poti linalibe choliperekeza, n'kuika kadontho pambuyo pa liwu loti mlembi.

Masana ndinawapakirira keke yotsala kuti adye m'sitima, ndipo anandithokoza osandiyang'ana m'maso. Pepala linapita ku London m'thumba la jasi lawo. Ndinamva kuti mabwana anaomba m'manja nthawi yaitali, ndipo palibe amene anafunsa kuti mwana wa mlembiyo anali ndani.